Musanakumbe maziko a shopu, yambani mwafunsa nthaka

Amalonda ambiri pa Chipoka akapeza kangachepe pa usipa, mpunga kapena chimanga, amaganiza zomanga shopu kapena nyumba ya lendi. Ena amalakalaka chipinda cha pansi pa nthaka chosungiramo katundu monga amaonera m'matauni. Musanaitane aganyu, dziwani kuti kuno kunyanja madzi sali patali. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Nyanja ikakwera, madzi a pansi pa nthaka amakweranso.

Choyamba, kumbani dzenje loyesera lakuya mita imodzi ndi theka, makamaka mu Epulo kapena Meyi pomwe nyanja imakhala itadzaza. Litchingeni kuopa ana ndi mbuzi, mukalionenso mawa lake. Mukapeza madzi, za chipinda cha pansi ziiwaleni. Kwezani pansi pa shopu m'malo motsika, matumba anu azikhala pouma.

Dzenjelo likuuzaninso mtundu wa dothi. Mchenga umagumuka msanga. Makande amafufuma ndi mvula n'kung'aluka m'chilimwe, ndipo ndi amene amang'amba makoma. Pa makande funsani mmisiri wodziwa za kuya kwa maziko ndi zitsulo zofunika.

Chachiwiri, werengani dothi. Shopu ya mamita 4 kwa 6 ili ndi ngalande ya mamita pafupifupi 20. Ikakhala masentimita 60 m'lifupi ndi 75 kuya, mutulutsa dothi la makiyubiki mita 9. Dothi likakumbidwa limafufuma, choncho yembekezerani mawilibala pafupifupi 170. Chipinda cha pansi chakuya mamita 2 pamalo omwewo chimatulutsa mawilibala oposa 900. Ndalama ya aganyu yokhayo ingathe kudya mpamba wanu.

Pogwirizana mtengo, lipirani pa mita, osati pa tsiku, ndipo munene poyambirira kuti kututa dothi kuli momwemo kapena ayi. Mikangano yambiri imayambira pamenepa.

Chachitatu, dothi musalisakanize. La pamwamba, lakuda lija, liunjikeni palokha: n'labwino kudimba ndipo mungathe kugulitsa, koma si lokwirira nyumba chifukwa zinyalala zake zimawola, pansi n'kutitimira. La pansi, ngati ndi lamchenga, gwiritsani ntchito pokwirira mkati. Thirani masentimita 15, wazani madzi, sinjani, kenako onjezerani lina. Makande musawabwezere pansi pa simenti.

Mulu wa dothi ukhale mita imodzi kuchoka m'mphepete mwa dzenje. Kiyubiki mita imodzi imalemera pafupifupi tani ndi theka, ndipo ikagwera munthu satuluka yekha. Dzenje likafika m'chifuwa, pendeketsani m'mbali mwake kapena tchingani ndi matabwa. Musakumbe moyandikira khoma la mnzanu, ndipo dothi lotsala musalitaye m'ngalande ya mumsewu: madzi akasowa njira adzalowa m'shopu yanu yomwe.

Nthawi yabwino yokumba ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Simenti, mchenga ndi miyala zikhale zitafika kale, kuti ngalande isagone yotsegula masiku ambiri. Dzenje loyesera lingakutengereni tsiku limodzi la ganyu, pomwe khoma long'aluka lingakutengereni phindu la chaka chonse.