Choyala cha m'nsapato ndi phazi losamva kuwawa: phunziro lochokera ku Neno

Ulendo uno tisiye kaye za mbewu ndi maukonde, tiyang'ane pansi pomwe thupi limakhudzana ndi dothi. Msodzi amamata ngalawa isanayambe kulowa madzi, mlimi amanola khasu mvula isanagwe, koma phazi lomwe limamufikitsa kudoko ndi kudimba ambiri timalikumbukira likatupa.

Nkhani yathu ndi kachinthu kakang'ono koyala m'kati mwa nsapato, pomwe phazi limaponda. Ogulitsa amakatcha insole. Ife pano tizingoti choyala. Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo munthu akaima, kulemera kwa thupi kumatsikira makamaka pa chidendene ndi pa tsinde la zala. Choyala chabwino chimagawa katunduyo kuti asaunjikane malo amodzi, monga momwe nkhata imachitira pamutu pa mayi wosenza ndowa. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Fupa sichiwongola, matenda sichichiza. Koma kwa anthu ena, kugawa katundu kumeneku n'kumene kumasiyanitsa kusunga mwendo ndi kudulidwa mwendo.

Tiyambe ndi mavuto opepuka. Alipo ambiri, makamaka amayi oima tsiku lonse pa thandala la usipa kapena pamsika, omwe amamva chidendene kulasa akangoponda pansi m'mawa, kenako n'kumapepukirako akayendayenda. Kawirikawiri chimene chimapweteka ndi mnofu wolimba ngati lamba womwe umachoka ku chidendene kukafika ku zala. Choyala chofewa ku chidendene, chokwerako pang'ono pakati pa phazi, chimachepetsa ululuwu. Kuwongola katumba potsamira khoma m'mawa ndi madzulo kumathandizanso, ndipo ambiri amachira chaka chisanathe. Munthu amene anathyoka mwendo n'kutsala wofupikirapo angathandizidwe ndi choyala chokweza chidendene. Kusiyanako kukakhala kwakukulu, amawonjezera kunsi kwa nsapato, ndipo muyezo wake ayeze a chipatala, osati kungoyerekeza ndi maso.

Za ana, makolo musataye ndalama. Mwana wamng'ono kukhala ndi phazi lathyathyathya ndi chilengedwe, ndipo pakati pa phazi pamayamba kukwera yekha akamakula. Ngati sakumva kuwawa ndipo akuthamanga ndi anzake, msiyeni. Koma khanda lobadwa ndi mapazi opindikira m'kati, limenelo choyala sichingalithandize n'komwe. Amaliika pulasitala wosinthasintha sabata iliyonse, kenako nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo, zomwe limavala usana ndi usiku kwa miyezi 3, ndipo pambuyo pake pogona pokha mpaka zaka 4 kapena 5. Pitani nalo ku chipatala cha boma likadali la masabata ochepa. Ku Blantyre kulinso chipatala cha Beit CURE, chomwe chinatsegulidwa mu 2002, chothandiza ana a mavuto a mafupa.

Tsopano tifike pa mtima wa phunziroli. Onse amene tawatchulawa ali ndi mwayi umodzi: phazi lawo limalankhula. Likapweteka amakhala pansi. Woopsa ndi mnzathu amene phazi lake linasiya kumva.

Mukatsata mtsinje wa Shire kuchokera ku Mangochi, kudutsa nyanja ya Malombe ndi Liwonde, mufika ku Matope ndi pa mlatho wa Zalewa. Tsidya la kumadzulo kumeneko ndi boma la Neno. Kumtunda kwake, cha ku Dambe ndi Nsambe, ndi mapiri ozizira komwe amalima mbatata ya kachewere. Kumunsi, cha ku Lisungwi, n'kotentha ngati kwathu kuno. Misewu yambiri ndi yafumbi, ndipo anthu amadalira phazi popita kumunda, kumsika ndi kuchipatala. Kuyambira 2007 bungwe la Partners In Health, lomwe kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali. Mu 2015 anayambitsa kiliniki imodzi ya matenda onse okhalitsa: wa HIV, wa shuga, wa BP, wa mphumu ndi wa khunyu amaonedwa pamalo amodzi, m'zipatala zazing'ono zapafupi ndi kwawo. Mu 2018 anawonjezera makiliniki a odwala kwambiri, monga a shuga ofuna jakisoni wa insulin, pa chipatala cha boma cha Neno ndi pa Lisungwi. Palinso anthu a m'midzi momwemo, ophunzitsidwa zaumoyo, omwe amayendera mabanja khomo ndi khomo.

Mwina mukufunsa kuti zimenezi zikugwirizana bwanji ndi nsapato. Kugwirizana kwake n'kwakuti choyala chimathandiza munthu amene wadziwika msanga, chilonda chisanabwere. Wodwala shuga amene ali ndi tsiku lake la kiliniki amakhala ndi mpata wovula nsapato pamaso pa wachipatala, phazi n'kuyezedwa. Amene sadziwa kuti ali ndi shuga amafika phazi litanunkha kale, ndipo pamenepo nkhani ya choyala yadutsa. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pa anthu 100 a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, oposa 5 anali ndi shuga. Werengani anthu a Swala ya Lachisanu pa mzikiti wanu, muone nokha kuti angakhalepo angati.

Shuga akakhala wokwera kwa zaka, amawononga mitsempha yonyamula kumva, kuyambira ku zala. Ena amayamba ndi kutentha kapena kunyerenyetsa usiku, ena dzanzi chabe. Phazi limasiyanso kutuluka thukuta, khungu limauma n'kung'ambika, zala zimakhota, ndipo katundu yense amagwera pa tsinde la zala. Pamenepo pamamera khungu lokhuthala, lolimba ngati chikopa. Ambiri timaliyesa chitetezo, pomwe kwa wodwala shuga lili ngati mwala womwe akuuponda tsiku lonse. Pansi pake mnofu umaphwanyika, magazi amaundana, tsiku lina pamabooka. Munthuyo sakumva kanthu, ndiye amapitiriza kukoka khoka ndi kupalira, chilonda chikulowa mpaka ku fupa. Madokotala amawerengera kuti pa miyendo 10 yodulidwa chifukwa cha shuga, yoposa 8 imayamba ndi chilonda chotere.

Nzeru ya choyala chofewa inachokera kwa odwala khate. Dokotala Paul Brand, yemwe anayamba kugwira ntchito ku Vellore m'dziko la India mu 1946, anaonetsa kuti zala za odwala khate sizimangothothoka zokha monga anthu ankaganizira. Zimatha chifukwa chovulala mobwerezabwereza popanda ululu wochenjeza mwiniwake. Iye ndi anzake anayamba kupanga nsapato zokhala ndi labala wofewa wa timibowo tosaoneka, yemwe amatchedwa MCR, ndipo atasamukira ku Carville ku America m'zaka za m'ma 1960 anagwiritsa ntchito nzeru yomweyo pa mapazi a odwala shuga. Kuno kwathu khate linachepa kwambiri pofika 1994, koma silinathe, ndipo amene anachira ali ndi dzanzi amafunika chisamaliro chomwechi moyo wonse.

Kuyeza ngati phazi likumva

Kuchipatala amagwiritsa ntchito kaulusi kolimba ka nayiloni, konga ka mbedza, komwe kamapinda kakakanikiza ndi mphamvu ya magalamu 10. Koma pali njira ina yosafuna chida, yomwe madokotala a ku Ipswich ku England anaiyesa n'kupeza kuti imagwira. Woyezedwa avule nsapato, agone kapena akhale atatambasula miyendo, atseke maso. Mnzake akhudze pang'ono chabe, ndi nsonga ya chala cha mkombaphala, kumapeto kwa chala chachikulu, chapakati ndi chaching'ono cha phazi lililonse, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Osakanikiza, osakanda, osabwereza. Woyezedwayo azinena akamva. Zala zonse ndi 6. Akaphonya ziwiri kapena kuposa, phazi lake layamba kutaya kumva, ndipo apite kuchipatala ngakhale palibe chikumupweteka. Mdzukulu wa ku madrasa angathe kuwayeza agogo ake.

Nsapato ya phazi lotere iyenera kukhala ndi zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana: kunsi kolimba, m'kati mofewa. Kunsi kolimba n'koletsa minga, zitsa za m'dimba, mbedza zotayika ndi minga ya kampango kapena mlamba pa mchenga. Tayala la galimoto limagwira bwino ntchito imeneyi. Koma nsapato ya tayala lokhalokha imaphwanya phazi losamva, n'chifukwa chake pamwamba pamafunika choyala chokhuthala pafupifupi sentimita imodzi, choti mukachitsina chimalowa, mukachisiya chimabwerera. Siponji ya matiresi ayi: imaphwa tsiku limodzi ndipo imasunga madzi. Wosoka nsapato mumuuze kuti amate ndi guluu ndi kusoka, misomali asakhomemo ngakhale umodzi. Pakhale lamba wakumbuyo wogwira chidendene. Masilipasi a kachingwe kolowa pakati pa zala ndi oipa kwambiri pa phazi lotere, chifukwa kachingweko kamacheka pomwe maso safika.

Apa pali msampha womwe umagwira anthu a mtima wabwino. Mwana ali ku Joni watumiza choyala chokongola cha m'sitolo, bambo achilowetsa m'nsapato yawo yakale yomwe inali yothina kale. Pansi pafewa, inde, koma phazi lakwera, ndipo zala zikukhuzika kudenga la nsapato. Chilonda chomwe timachithawa pansi chatulukira pamwamba. Choyala chimafuna nsapato yakuya ndi yotakata kutsogolo. Pogula, kaya ndi pa kaunjika kaya m'sitolo, pitani masana phazi litafufumako. Imani pa katoni, wina ajambule phazi lanu, mudule chithunzicho n'kuchilowetsa m'nsapato: chikapindika m'mbali, nsapatoyo si yanu, ngakhale mtengo utakoma chotani. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wa sentimita imodzi. Tsiku loyamba valani ola limodzi kapena awiri, muvule, muyang'ane ngati pali pofiira, pakuda kuposa pena, potentha kapena thuza.

Phazi likakhala kuti linapindika kale, linadulidwapo chala, kapena linakhalapo ndi chilonda, choyala cha pamsika sichikwanira. Pamafunika choumbidwa molingana ndi phazi la munthuyo, chokumbidwa pomwe pali fupa lotuluka. Ntchito imeneyi amaigwira ndi akatswiri opanga miyendo ndi zida zothandizira kuyenda, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Mzuzu Central. Pemphani kalata yokutumizani kuchokera ku chipatala chanu. Ndipo chilonda chikakhala chotseguka, mankhwala ake oyamba ndi kusachiponda. Palibe choyala chomwe chingakulolezeni kupita nacho kumunda.

Asodzi anganene kuti, "Ife ntchito yathu ndi ya m'madzi, nsapato tivala bwanji?" Funsoli n'lomveka, ndipo yankho lake silokoma kwenikweni. Majombo a labala amateteza ku zolasa, koma amasunga chinyontho n'kufewetsa khungu mpaka kusupuka. Wa phazi losamva akhale ndi zoyala ziwiri ndi masokosi awiri, china chikuuma pamthunzi china chili kuphazi, ndipo akatuluka m'madzi apukute bwinobwino. Mchenga wa masana mu Okutobala umawotcha phazi lotere mwiniwake akucheza. Ndikuona kwanga, bambo amene zala zake zasiya kumva ndi bwino asinthane ntchito ndi anyamata, iye azisoka maukonde kapena kuyang'anira malonda kumtunda. Kutaya ulendo wa panyanja n'kowawa, koma sikufanana ndi banja lonse kudikirira pa wodi miyezi iwiri nyengo ya dzinja.

Ife Asilamu tili ndi mwayi womwe madokotala amavutika kuphunzitsa ena: timagwira mapazi athu ndi manja kangapo pa tsiku popanga wudhu. Pamenepo maso agwirenso ntchito. Onani pansi pa phazi, pakati pa zala ndi kuseri kwa chidendene. Ngati msana kapena maso sakulola, kagalasi kapena mnzanu wa m'nyumba athandize. Mukatha pukutani pakati pa zala. Madzi ofunditsa m'nyengo yozizira yezani ndi chigongono, osati ndi phazi. Onaninso kakolo wa kumanzere, mbali yakunja, pomwe timakhalira pa Swala: pamenepo pamakonda kumera khungu lokhuthala, ndipo wa shuga ayalepo chofewa. Simenti ya pabwalo la mzikiti nthawi ya Dhuhr imatentha, choncho nsapato muvulire pakhomo penipeni. Potuluka, musanavale, igwedezeni ndi kupisamo dzanja, paja kamwala kapena chinkhanira simudzachimva. Wa bandeji afunse shehe za chilolezo chomwe chilipo pa wudhu, m'malo monyowetsa chilonda.

Khungu lokhuthala lija musalisenge ndi lezala, ndipo musathirepo mankhwala owotcha. Akachotse a chipatala. Pa chidendene chouma pakani mafuta monga Vaseline, koma pakati pa zala ayi. Choyala nacho chimakalamba. Kamodzi pa mwezi chitulutseni, muchiyang'ane padzuwa, mutsine pomwe pamaponda tsinde la chala chachikulu. Pakakhala pophwa osabwerera, kapena pakaoneka banga la magazi kapena mafinya, tsiku lomwelo nyamulani nsapatoyo ndi choyala chake mupite nazo ku kiliniki, wachipatala akaone pomwe phazi likuponda.