Phunziro 9: Mau a Cingerezi Amene Timawamasulira Kuti "Ufulu"

Pa kalenda ya sukulu mudzapeza Africa Freedom Day pa 25 May ndi Independence Day pa 24 October. M'Cinyanja onse awiri timati ndi masiku a ufulu. Mwana wacidwi wa mu Giredi 6 adzakufunsani cifukwa cake Cingerezi ciri ndi mau awiri pamene ife tiri ndi limodzi. Musamuyankhe kuti ndi cimodzimodzi.

Yambani ndi liu lathu. "Ufulu" ucokera ku "mfulu", ndiye munthu amene sali kapolo. Liu la Cingerezi lofanana nalo koposa ndi "freedom". Tsinde lake, "free", m'Cingerezi cakale linali "freo", ndipo muzu wake ndi umodzi ndi wa "friend", bwenzi. Muzuwo utanthauza kukonda. Akatswiri a zinenero amafotokoza kuti pakhomo la munthu wa makedzana panali okondedwa ake, ndiwo abale, ndiponso akapolo. Tsono wokondedwa ndiye anali mfulu. Kacidutswa kotsiriza, "-dom", kagwira nchito imene "u-" agwira kwa ife. Lembani pa bolodi: king, kingdom, mfumu, ufumu, free, freedom, mfulu, ufulu. Ana adzaona okha lamulo lake musanalinene, ndipo ndiyo njira yabwino yophunzitsira galamala.

"Liberty" ndi mlendo m'Cingerezi. Acokera ku Cilatini "liber", mfulu, ndipo anadzera m'Cifalansa, cimene cinakhala cinenero ca mafumu ndi ca milandu ku England a Norman atagonjetsa dzikolo mu 1066. Nkosadabwitsa kuti liuli limveka kwambiri pa nkhani za malamulo. Mbale wake "liberation" anena za kumasula anthu omangidwa kapena oponderezedwa.

Samalani kwambiri ndi "independence". Muzu wake ndi "pendere", kulendewera, ndipo "in-" akana. Liuli linena za cinthu cosalendewera ku cinzake. Northern Rhodesia anali kulendewera ku Britain kufikira mu 1964. Pamenepo mau oyenera ndi "kudzilamulira". Koma dziko lingaleke kulamulidwa ndi lina pamene anthu ake akali omangika. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza "independence" ya Rhodesia, koma anthu akuda a kumeneko anadikira kufikira mu 1980 kuti alamulidwe ndi boma losankhidwa ndi onse. Mukamasulira cilengezo ca Smith kuti "ufulu", mwawanamiza ana, ngakhale dikishonale ingakuvomerezeni.

"Emancipation" acokera ku "manus", dzanja: kucotsa munthu m'dzanja la mwini wake, monga lamulo la Britain la mu 1833 linacitira akapolo a m'maiko ambiri a pansi pake. Liuli ndi lolemera kwa ana a pulaimale. Lidziweni inu, koma musaliike m'mayeso.

Pokonzekera phunziro lotsatira, lembani ziganizo zinai za Cinyanja zokhala ndi liu lakuti "ufulu", ndipo mnzanu asankhe liu la Cingerezi loyenera ciganizo ciriconse.