Malangizo kwa Opanga Mapulogalamu: Kulumikiza SSO Popanda Kutsegulira Akuba Khomo

Pitani muofesi iliyonse mukatukule kiyibodi, mukapeza kapepala kolembedwa mapasiwedi: ya imelo, ya malipiro, yopemphera tchuthi. Single sign-on, mwachidule SSO, inabwera kudzathetsa kapepalako. Munthu amalowa kamodzi pamalo amodzi otchedwa identity provider, mwachidule IdP, monga Google, Microsoft Entra ID, Okta kapena Keycloak, ndipo mapulogalamu enawo amamulandira osamufunsanso pasiwedi.

Zili ngati kalata ya kwa mfumu. Wabwerayo simukumudziwa, koma wanyamula kalata yomuchitira umboni. Ntchito yanu yagona pa kalatayo: chidindocho n'chenicheni? Analembera inuyo kapena ofesi ina? Kodi sinathe ntchito? Nanga ikunena za munthu uti kwenikweni?

1. Sankhani njira musanalembe khodi

Njira zikuluzikulu ndi ziwiri. SAML 2.0 inavomerezedwa ndi bungwe la OASIS mu 2005, ndipo kalata yake imalembedwa mu XML. OpenID Connect inatuluka mu 2014, yomangidwa pamwamba pa OAuth 2.0 ya mu 2012, ndipo kalata yake ndi ID token, yolembedwa ngati JWT. Ngati mukuyamba kumene, yambani ndi OpenID Connect. N'njopepuka, ndipo imayenda bwino pa mapulogalamu a pafoni. SAML muidziwebe, chifukwa mayunivesite ndi makampani akale ambiri adakali pomwepo, ena pa Shibboleth, ena pa SimpleSAMLphp, ndipo kasitomala wotere sasintha IdP yake chifukwa cha inu.

OAuth 2.0 payokha musaiyese njira yolowera. Access token imangosonyeza kuti woinyamula waloledwa kutenga zinazake, siinena kuti iyeyo ndani.

2. Musalembe nokha khodi yotsimikizira siginecha

Apa ndi pamene amisiri odzidalira amagwera. Mu 2012 ofufuza a ku Germany anayesa mapulogalamu 14 a SAML ndipo 11 mwa iwo anapusitsika ndi chinyengo chotchedwa XML signature wrapping. Wakuba amasiya chigawo chosayinidwa chili bwinobwino, n'kulowetsa chigawo china chabodza m'kalata yomweyo. Pulogalamu imaona siginecha pa chigawo chenichenicho n'kukhutira, kenako n'kukawerenga dzina pa chabodzacho. Mu 2018 a Duo Security anapeza lina: comment ya XML yoikidwa pakati pa dzina inkachititsa ma library ena kuwerenga chigawo choyamba chokha cha dzinalo, siginecha ili yovomerezeka. Amene analemba ma library amenewa sanali ophunzira kumene ayi. Tengani library yodziwika, yomwe eni ake akuikonzabe, ndipo muziitsatira ikatulutsa zokonza.

3. Gwiritsani ntchito authorization code pamodzi ndi PKCE

Njira yakale ya implicit, imene token inkadutsira pa adiresi ya mu browser, isiyeni. RFC 9700 ya mu January 2025 ikulangiza kuti isagwiritsidwenso ntchito. PKCE, yofotokozedwa mu RFC 7636, imachititsa kuti wina akaba code panjira alephere kuisinthanitsa ndi token. Pa ulendo uliwonse wolowa pangani state ndi nonce zatsopano, zosalotereka, muzisunge ku seva yanu, ndipo munthuyo akabwerako ku IdP muzifananize. Redirect URI ilembedwe yonse, chilembo ndi chilembo. Kuikapo kanyenyezi kuti ilandire adiresi iliyonse n'chimodzimodzi kuuza wamtengatenga kuti kalata aisiye panyumba iliyonse ya m'mudzimo.

4. Werengani kalata yonse

ID token ikafika, onani izi popanda kudumpha ngakhale chimodzi: iss ikhale IdP imene mukuiyembekezera, aud ikhale ndi client ID yanu, exp isakhale itadutsa, nonce ikhale yomwe munatumiza. Pa siginecha, muuze library nokha mtundu umene mukulandira, mwachitsanzo RS256. Musalole token kudzisankhira. Mu 2015 zinadziwika kuti ma library angapo a JWT ankavomera token yolembedwa kuti alg yake ndi none, ndiye kuti kalata yopanda chidindo yonena yokha kuti chidindo sichikufunika. Ku SAML mafunso ndi omwewa, mayina okha ndiwo asintha: Issuer, Audience, Recipient, NotOnOrAfter ndi InResponseTo.

5. Imelo si dzina la munthu

Pa malangizo onsewa, ili ndilo limene anthu amalinyozera kwambiri, chifukwa njira yolakwikayo ndi yokoma. Muli kale ndi tebulo la ogwiritsa ntchito lokhala ndi maimelo awo. Token yabwera ndi imelo. Mukufufuza, mwaipeza, mwamulowetsa. Mizere itatu ya khodi, mwaweruka.

Vuto ndi lakuti imelo imasintha, ndipo si IdP iliyonse imatsimikiza kuti mwini akaunti ndiyedi mwini imelo imene yalembedwapo. Mu June 2023 ofufuza a kampani ya Descope anaonetsa zimenezi pa Azure AD, imene pano ikutchedwa Entra ID, ndipo vutolo analitcha nOAuth. Munthu ankatha kutsegula tenant yakeyake, n'kulemba imelo ya munthu wina pa akaunti yake, n'kudina batani lolowera ndi Microsoft pa pulogalamu imene inkadalira imelo. Token inali yeniyeni, siginecha yeniyeni, zonse za pa nambala 4 zinkadutsa. Kalatayo inalidi ya mfumu, koma mfumu yake anali wakubayo, wolamulira mudzi umene anaumanga yekha dzulo.

Palinso njira ina yosafuna wakuba. Wantchito wachoka, patapita chaka ofesi yapereka adiresi yake kwa wina wa dzina lofanana. Watsopanoyo akangolowa akupeza mafayilo onse a mnzake.

Chimene sichisintha ndi iss pamodzi ndi sub, chizindikiro chimene IdP imadziwira munthuyo mu token. Sungani ziwirizi limodzi m'tebulo lapadera lolumikiza munthu ndi IdP yake, chifukwa sub payokha ingafanane pa ma IdP awiri osiyana. Pa Entra ID dziwani kuti sub ya munthu mmodzi imasiyana pa pulogalamu iliyonse. Ngati muli ndi mapulogalamu angapo ofunika kumuzindikira mofanana, tengani oid pamodzi ndi tid. Ku SAML pemphani NameID ya mtundu wa persistent. Imelo muisunge ngati mmene mumasungira nambala ya foni: yolembera munthu uthenga, osati yomutsegulira khomo.

Nanga amene ali kale ndi maakaunti apasiwedi? Alowe kaye ndi pasiwedi yawo yakale, ndipo ali m'katimo ndi pamene alumikize akaunti ya IdP. Adandaula kuti mwawachulukitsira ntchito, koma ndi za tsiku limodzi. Ndipo ngati mukufuna antchito a kampani imodzi okha kudzera pa Google, onani claim ya hd mu token, osati mathero a imelo.

6. Konzani wotchi ya seva

Kalata za SSO zimakhala ndi moyo waufupi, choncho wotchi yanu ikasiyana ndi ya IdP zonse zimaima. Ine zinandionekera pa ofesi ina Lolemba m'mawa. Magetsi anali atazima Loweruka, batire la UPS linatha, ndipo kabatire ka pa motherboard kanali katafa kalekale osadziwika. Seva inadzuka ikuganiza kuti tili zaka zingapo m'mbuyo. Aliyense wolowa ankabwezedwa, uthenga wake wongoti kulowa kwakanika. Tinatha m'mawa wonse tikukayikira satifiketi, mpaka mnzanga wina analemba date pa terminal, tonse n'kungoti kukamwa yasa. Yatsani NTP, lolani kusiyana kwa mphindi ziwiri kapena zitatu basi, ndipo mu log muzilemba chifukwa chenicheni chimene token yakanidwira. Token yeniyeniyo musailembemo.

7. Makiyi amasintha

Pa OpenID Connect, adiresi ya makiyi imapezeka mu /.well-known/openid-configuration, pa jwks_uri. Musakopere kiyi n'kumuika m'khodi. Sungani makiyiwo kwa kanthawi, ndipo token ikabwera ndi kid yachilendo, katengeninso kamodzi musanaikane. Ku SAML satifiketi imatha ntchito pa tsiku lake. Imene Entra ID imapanga yokha imakhala zaka zitatu, nthawi yokwanira kuti amene anailumikiza akhale atasamukira kwina. Pulogalamu yanu izitha kusunga satifiketi ziwiri nthawi imodzi, yakale ndi yatsopano, ndipo izichenjeza kudakali milungu ingapo.

8. Kulowa ndi kwina, udindo ndi kwina

IdP yanena kuti uyu ndi uje. Zoti angasayinire malipiro kapena ayi, mwini nkhani ndinu. Wolowa koyamba mpatseni udindo wotsikitsitsa. Ngati maudindo mukuwatenga ku magulu a ku IdP, gwiritsani ntchito manambala a maguluwo, chifukwa mayina amasinthidwa. Entra ID imasiya kulemba magulu mu JWT munthu akakhala m'magulu oposa 200, kapena 150 pa SAML, ndipo imangokulozerani kokawatenga. Amene amapezeka m'magulu ochuluka chotere kawirikawiri ndi abwana, choncho foni yodandaula idzachokera kumwamba.

9. Wochoka ntchito achokedi

Ofesi ikatseka akaunti ku IdP, session imene ili kale m'pulogalamu yanu siifa yokha. Munthu wochotsedwa ntchito m'mawa akhoza kumakoperabe mafayilo madzulo. Fupikitsani moyo wa session kuti izibwerera ku IdP pafupipafupi, landirani back-channel logout ngati IdP ili nayo, ndipo kwa makasitomala akuluakulu ikani SCIM 2.0, ya mu RFC 7643 ndi 7644, kuti IdP izikuuzani yokha wina akalembedwa kapena kuchotsedwa. Ma API key amene munthuyo anapanga afere limodzi ndi akaunti yake.

10. Siyani khomo langozi, kenako yesani kuthyola

Intaneti ikaduka kapena satifiketi ikalakwika, ngakhale woyang'anira satha kulowa kuti akonze. Sungani akaunti imodzi kapena ziwiri zosadutsira ku IdP, zapasiwedi yaitali ndi chitsimikizo chachiwiri, zoti zikangogwiritsidwa ntchito uthenga uzipita kwa anthu angapo.

Poyesa, dzutsani Keycloak pa Docker pa kompyuta yanu, mupange ma realm awiri. Kulowa kwabwinobwino kuyeseni kamodzi, nthawi yotsalayo muithere pa zokanidwa: token yotha nthawi, ya aud ya pulogalamu ina, yochotsedwa siginecha, code yogwiritsidwa ntchito kachiwiri. Pomaliza pangani munthu mu realm yachiwiri, mumupatse imelo ya woyang'anira wa mu realm yoyamba, mulowe naye, muone tsamba limene likutsegukireni.