Mwini Chuma Cha Pansi Pa Nthaka Ndani?

Pa maphunziro okhudza chuma ndi chilungamo, funso lovuta kopambana ndi ili: kodi kampani ya malonda, imene anthu sanaisankhe ndipo sangathe kuichotsa pa chisankho, ifika bwanji polamulira moyo wa mtundu wathunthu? Ndipo itafika pamenepo, mtunduwo ungaibweze bwanji pa malo ake? Mbiri ya mkuwa wa ku Zambia iyankha mafunso awiriwa momveka bwino, ndipo owerenga achita bwino kuitsata mofatsa kuyambira pa chiyambi.

M'chaka cha 1889 Mfumukazi Victoria ya ku Britain anapatsa Cecil Rhodes ndi anzake chikalata chololeza kampani yao, British South Africa Company, kupangana ndi mafumu, kukhala ndi apolisi akeake, ndi kuweruza anthu m'maiko amene idzalowamo. Chaka chotsatira mthenga wa kampaniyo, Frank Lochner, anafika kwa Lewanika, mfumu ya Alozi. Lewanika analikuopa nkhondo ya Amatebele, nafuna chitetezo cha Mfumukazi. Ndipo poika dzanja lake pa pepala anayesa kuti alikupangana ndi Mfumukazi yemweyo. Kampani inamlonjeza mapaundi 2,000 chaka ndi chaka, ndipo iyo inalandira ufulu pa miyala yonse ya mtengo wapatali ya m'dziko lake. Tsono apa ndi pamene pagona nkhani: dziko la Alamba, kumene mkuwa wambiri unadzapezeka pambuyo pake, silinali pansi pa Lewanika. Munthu sagulitsa munda wa mnansi wake. Koma pepala lija linasungidwa ku London, ndipo boma la Britain linalilemekeza zaka 74. Kum'mawa kunalankhula mfuti: mu 1898 Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa nalandidwa ng'ombe zao, ndipo boma la kampani linakhazikika pa Fort Jameson, pamene lero pali mzinda wa Chipata.

Kulamulira dziko kudya ndalama. Kwa zaka zoposa 30 eni masheya a kampaniyo sanalandireko phindu ngakhale pang'ono, kotero kuti mu 1924 kampani inapereka ulamuliro wa Northern Rhodesia m'manja mwa boma la Britain. Inatula mtolo wa misewu, makhoti ndi apolisi, koma ufulu wa miyala inausunga. Patangopita zaka zowerengeka migodi yaikulu inatsegulidwa: Roan Antelope ku Luanshya mu 1931, Nkana mu 1932, Mufulira mu 1933 ndi Nchanga mu 1939. Okumba anali makampani ena awiri, Anglo American ndi Rhodesian Selection Trust. British South Africa Company siinagwire fosholo, siinatsike m'dzenje. Inangolandira mtulo pa mkuwa wonse wotuluka pansi, chifukwa cha mapepala a makedzana aja. Ngakhale msonkho umene makampani okumbawo analikupereka sunatsale wonse m'dzikomo, pakuti gawo lina linapita ku London kumene kunali malikulu ao, pamene ana a m'midzi analikusowa sukulu.

M'chaka chomwecho cha 1931 Papa Pius XI analemba kalata yake yotchedwa Quadragesimo Anno. M'menemo anachenjeza kuti mpikisano wa amalonda ambiri unalikusanduka ufumu wa anthu owerengeka, amene kawirikawiri sali eni ndalama koma oyang'anira ndalama za ena, ndipo ndiwo agamula amene alandire ngongole ndi amene amanidwe; anaonjezanso kuti mphamvu yotere siikhutira ndi msika, koma ifunanso kugwira boma kuti liitumikire. Papayo analikuona za ku Ulaya ndi ku America, koma mau ake akadatha kulembedwa pa chipata cha mgodi wa Nkana.

Oyamba kulimbana ndi mphamvuyo anali antchito eni ake, ndipo pakati pao panali ambiri ochokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland. Mu 1935 ananyanyala ntchito boma litakweza msonkho, ndipo anthu 6 anaomberedwa ku Luanshya. Mu 1940 ena 17 anafa ku Nkana. Mwazi umenewu sunapite pachabe. Mu 1949 antchito anakhazikitsa bungwe lao lotsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, ndipo atanyanyala masabata atatu mwa mtendere mu 1952, anapambana mlandu wa malipiro. Koma bungwe la antchito lingathe kukweza malipiro okha. Pepala la Lochner silinali m'manja mwao.

Pepalalo linayamba kugwedezeka mu 1950, pamene kampani inavomera kupatsa boma magawo 20 pa 100 aliwonse a phindu la mtulo wake, malinga ufulu wake ukhalebe kufikira 1986. Atsogoleri a Zambia, ufulu wa dziko utayandikira, anakana kulandira cholowa chotere. Anatuma akatswiri kukafufuza mapangano akale, nasindikiza poyera zimene zinapezeka, kuti aliyense adzionere yekha kuti maziko ake anali ofooka. Kampani, imene kale inalikuyembekeza mtengo waukulu ndithu, inagonja patatsala maola ochepa kuti mbendera yatsopano ikwezedwe pa 24 October 1964, nilandira mapaundi 4 miliyoni, theka lochokera ku Britain, theka ku Zambia. Chimene chinaigonjetsa sichinali nkhondo iai, koma kuwerengedwa kwa pepala pamaso pa anthu.

Njira yachiwiri inali yakuti boma likhale mwini migodi. Mu August 1969, polankhula ku Matero, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a makampani awiri aja, ndipo mu 1982 zonse zinaphatikizidwa m'kampani imodzi ya boma, ZCCM. Ganizolo mwa ilo lokha silinali loipa. Kalata ya Pius XI ivomereza kuti chuma china chipatsa mwini wake mphamvu yaikulu kwambiri kotero kuti nkoyenera chikhale m'manja mwa boma. Ndiponso tsoka linalipo loona: Rhodesia inatseka malire mu 1973, mafuta anakwera mtengo, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Komabe sizingakanidwe kuti m'dziko la chipani chimodzi munalibe wofunsa mabuku a ZCCM. Ndalama zofunika kugulira makina atsopano ndi kufunafuna mkuwa wina zinapita ku zosowa za boma. Mkuwa wokumbidwa, umene unapitirira matani 700,000 pa chaka m'masiku a Matero, unatsika kufika pafupifupi matani 250,000 m'chaka cha 2000. Mwini anasintha, koma chitseko cha chipinda chowerengera ndalama chinakhalabe chotseka.

Pamenepo mphamvu ya obwereketsa ndalama inaonekera poyera. Zambia inali itamira m'ngongole, ndipo World Bank ndi IMF anaumirira kuti migodi igulitsidwe ngati dzikolo lifuna thandizo ndi kukhululukidwa ngongole. Wogulitsa mbuzi chifukwa cha njala sachita makani pa mtengo. Pakati pa 1997 ndi 2000 migodi inagulitsidwa kwa makampani akunja, ndipo iliyonse inapangana ndi boma pangano lakelake lobisika. Ena mwa mapanganowo anaika mtulo pa 0.6 pa 100, nalonjeza kuti misonkho siidzasinthidwa kwa zaka 15 kapena 20. Mtengo wa mkuwa utakwera kwambiri kuyambira 2004, phindu linasefukira, koma thumba la boma linalandira pang'ono. Ana a Alamba anabwerera pamene anaima makolo ao: chuma cha pansi pa mapazi ao chinamangidwanso ndi pepala limene iwo sanaliwerenge.

Kukonza zinthu zotere, tsono, sikuyamba ndi funso lakuti mwini akhale kampani kapena boma. Kuyamba ndi lamulo lakuti pangano lililonse lokhudza chuma cha mtundu wonse liikidwe pamaso pa Nyumba ya Malamulo lisanasainidwe, kuti ndalama zimene kampani yapereka ndi zimene boma lalandira zisindikizidwe chaka ndi chaka, ndi kuti mabungwe a antchito, makhoti ndi nyuzipepala akhale ndi ufulu wa kufunsa. Zimenezi zinaonekanso mu 2007, pamene mabungwe oima paokha, pamodzi ndi nthambi ya Eklezia yoona za chilungamo ndi mtendere, anatulutsa mapangano obisika aja kuti anthu awawerenge. Chaka chotsatira boma la Pulezidenti Levy Mwanawasa linawathetsa ndi lamulo, linakweza mtulo kufika pa 3 pa 100, niliikanso msonkho wapadera pa phindu lopitirira muyeso. Makampani anadandaula kwambiri, mtengo wa mkuwa unagwanso, ndipo msonkho wapaderawo unachotsedwa mu 2009 utakhala chaka chimodzi chokha. Mtulo sunabwerere m'mbuyo pa nthawiyo, ndipo mu 2012 unakwezedwa kufika pa 6 pa 100.