Kukaonera filimu ku myuziyamu: poyambira ndi pati?

Ambirife kanema tinamudziwira mu vidiyo sho: kachipinda kotchinga ndi mphasa, benchi lolimba, sipika yomveka mpaka kumsika, ndi mnyamata womasulira m'Chichewa amene amathira nthabwala zake m'kamwa mwa Jet Li. Kumeneko ndewu ikachedwa kuyamba anthu amawowoza. Tsono munthu wokulira m'zotere akalowa koyamba m'chipinda cha kanema cha ku myuziyamu ya zaluso amaona zachilendo zokhazokha. Mbuliwuli palibe, filimu yake ndi ya 1931 kapena ndi ya asodzi a dziko lomwe sanalimvepo, ndipo anthu angoti zii ngati abusa akupemphera. Malangizo awa ndi a munthu ameneyo. Chitsanzo changa ndi Museum of Modern Art ya ku New York, yomwe anthu amangoitchula kuti MoMA, koma zambiri zikuthandizaninso ku Tate Modern ku London, komwe kuli chipinda chotchedwa Starr Cinema, kapena ku myuziyamu ina iliyonse yoonetsa mafilimu.

Choyamba: dziwani chimene mukukaona

Myuziyamu imasunga filimu monga momwe imasungira chithunzi chopenta kapena chosema. MoMA inatsegulidwa mu 1929, ndipo mu 1935 inakhazikitsa nthambi ya mafilimu motsogozedwa ndi mayi wochokera ku Britain, Iris Barry. Nthawi imeneyo makampani ankaona filimu ngati tomato wa pamsika: ikaleka kubweretsa ndalama, yatha ntchito. Chinanso, mpaka cha m'ma 1950 mafilimu ankajambulidwa pa lamba wa nitrate, amene amayaka moto wosazimitsika ndi madzi ndipo akakalamba amanata n'kusanduka fumbi. Kafukufuku amene Library of Congress inatulutsa mu 2013 anapeza kuti mwa mafilimu aatali opanda mawu a ku America, pafupifupi 70 pa 100 alionse anatayikiratu. Opulumuka a MoMA amasungidwa m'zipinda zozizira ku Hamlin, m'boma la Pennsylvania. Choncho mukagula tikiti, n'kutheka kuti mukukaona chinthu chomwe sichili pa Netflix, sichili pa YouTube, ndipo sichidzabweranso mumzindamo kwa zaka zingapo.

Chachiwiri: werengani ndandanda mofatsa

Mafilimu a ku myuziyamu sabwera imodziimodzi. Amabwera m'magulu: onse a wokonza mmodzi, kapena a dziko limodzi, kapena okamba nkhani imodzi. Ku MoMA kuli magulu ena obwera chaka ndi chaka. To Save and Project ndi ya mafilimu akale amene angokonzedwa kumene. Doc Fortnight ndi ya mafilimu a nkhani zenizeni. New Directors/New Films, imene akhala akuchita ndi anzawo a ku Lincoln Center kuyambira 1972, ndi ya okonza mafilimu ongoyamba kumene, ambiri mwa iwo opanga popanda thandizo la makampani akuluakulu. Mafilimu ambiri amawaonetsa kamodzi kapena kawiri basi. Za "ndidzapita sabata yamawa" kuno kulibe.

Pansi pa dzina la filimu pamakhala kamzere ka tizilembo ting'onoting'ono kamene ambiri amakadumpha, chonsecho ndiko kofunika: chaka, dziko, chilankhulo, kutalika kwake m'mphindi, ndiponso ngati adzaonetsa pa 35mm kapena pa DCP. 35mm ndi lamba weniweni woyenda mu pulojekita, DCP ndi ya pakompyuta. Yang'anitsitsani mphindizo. Shoah ya Claude Lanzmann, ya 1985, imapitirira maola 9, ndipo Near Death ya Frederick Wiseman ndi ya maola pafupifupi 6. Ndi ntchito zazikulu ndithu, koma mwana sayambira pa chimanga chokazinga. Ulendo woyamba sankhani yosapitirira mphindi 90. Mukaona City Lights ya Charlie Chaplin, ya 1931, musakayike. Mukaona La Noire de… ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, ya 1966, yomwe m'ndandanda za Chingerezi amailemba Black Girl, siyani zina zonse. Ndi ya ola limodzi lokha.

Chachitatu: tikiti ndi nthawi

Tikiti ya filimu ndi yapadera, choncho musaganize kuti poti mwalowa m'myuziyamu ndiye kuti mpando mwaupeza. Iguleni pa intaneti kukadali masiku, makamaka ngati ndandanda yanena kuti wokonza filimuyo adzakhalapo, chifukwa matikiti a tsiku lotero amatha msanga. Ngati mukukhala mumzindamo ndipo mukuona kuti muzipita kawirikawiri, funsani za umembala wa pachaka. Ophunzira ndi achikulire afunsenso za mtengo wawo.

MoMA ili pa 53rd Street, pakati pa Fifth Avenue ndi Sixth Avenue, ndipo sitima ya pansi panthaka ya E imaima pafupi. Zipinda ziwiri zazikulu za kanema, Titus 1 ndi Titus 2, zili pansi, ndiye mukalowa mutsike, musakwere. Fikani kutatsala mphindi 20. Ku nyumba za kanema zamalonda amayamba ndi kutsatsa zakumwa ndi mafilimu akubwera, moti wochedwa sataya kanthu. Kuno nthawi ikakwana magetsi azimitsidwa, filimu yayamba. Mukachedwa mudzaphonyanso mawu a wosankha mafilimu, amene nthawi zina amaima kutsogolo n'kufotokoza kumene lambayo wachokera ndi chifukwa chake mbali ina ikusowa.

Chachinayi: idyani kaye, zimitsani foni

Chakudya salola m'chipindamo. Koma musadye nsima yokhuta kwambiri. Ine ndinachitapo zimenezi, ndipo ndinadzidzimuka anthu akuwomba m'manja, filimu ya ku Japan yomwe ndinaiyembekeza mwezi wathunthu itatha. Foni muizimitse ndithu, osangoitsitsa mawu, poti kuwala kwake mumdima kumaoneka mpaka mzere wakumbuyo ndipo okonda kanema a ku New York sachita manyazi kudzudzula mlendo. Ngati filimuyo ili ndi mawu omasulira olembedwa m'munsi, khalani chapakati kuti maso asamachite kukwera ndi kutsika.

Chachisanu: kuonera kwenikweniko

Chithunzi chikaoneka chopapatiza, ndi mdima mbali zonse ziwiri, musaganize kuti pulojekita yawonongeka. Mafilimu ambiri a 1953 isanafike anajambulidwa choncho, pafupifupi ofanana m'litali ndi m'lifupi. Ngati ndi 35mm, muona timizere ndi timadontho tikuthwanima, mwinanso kumva kaphokoso konga mvula yowaza pa malata. Pakatha mphindi pafupifupi 20, kadontho kozungulira kamaonekera pakona yakumanja, m'mwamba, kenako kamabweranso patapita masekondi ochepa. Chimenecho ndi chizindikiro kwa woyendetsa makina: mpukutu uwu ukutha, yatsa pulojekita yachiwiri. Akakhala katswiri simuzindikira n'komwe kuti wasintha.

Filimu yopanda mawu nthawi zambiri imakhala ndi woimba piyano pansi pa chinsalu. Amayang'ana chithunzi, zala zikutsatira: munthu akamathamanga nayenso afulumira, mayi akatsegula kalata iye achepetsa mpaka kutsala kamawu kamodzi. Mawa lake woimba wina adzaimba zosiyana, ndiye kuti zimene mwamva usiku umenewo sizidzabwerezedwa. Mukaona anthu akuyenda mothamanga ngati nyerere, dziwani kuti nthawi zambiri si mmene ankayendera. Makamera akale ankapukusidwa ndi dzanja, pa zithunzi 16 kapena 18 pa sekondi, ndipo akaonetsedwa pa liwiro la masiku ano la zithunzi 24 zonse zimafulumira. Myuziyamu yosamala imakonza liwirolo.

Chovuta kwambiri kwa ife a vidiyo sho ndi filimu yoyenda pang'onopang'ono. Langizo langa ndi ili: ipatseni mphindi 20 musanaiweruze, ndipo m'malo modikira kuti chichitike n'chiyani, funsani kuti kamera yaima pati ndipo ikukakamira pa chiyani. Tengani La Noire de… ija. Mtsikana wa ku Dakar, Diouana, watengedwa ndi mabwana ake achifalansa kupita ku Antibes. Iye akuganiza kuti akukalera ana n'kuona France, koma akungokolopa, kuchapa ndi kuphika m'kanyumba kosanja komwe satulukamo. Pakhoma loyera la pabalaza papachikidwa chigoba chosema chomwe iye mwini anawapatsa ngati mphatso. Sembène sakuuzani tanthauzo lake. Amangochibweza pamaso panu kawiri, katatu, mpaka tsiku limene Diouana akuchichotsa pakhomapo ndipo iye ndi dona uja akulimbirana, aliyense wagwira mbali yake. Amene ali ndi mlongo kapena azakhali ogwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg safunika womasulira pamenepa.

Filimu ya nkhani zenizeni imafuna maso ena. Musaimeze yonse chifukwa choti alemba kuti ndi zoona. Nanook of the North ya Robert Flaherty, ya 1922, imaonetsa mlenje wa mtundu wa Inuit kumpoto kwa Canada akusaka ndi mkondo. Dzina lake lenileni silinali Nanook koma Allakariallak, ndipo anthu akwawo anali atayamba kale kusaka ndi mfuti, koma Flaherty ankafuna zachikale. Nyumba ya ayezi imene mumaona m'kati mwake inamangidwa yotseguka mbali imodzi kuti kamera ipeze kuwala. Filimuyo ndi yokongola, ndipo ine ndingaionenso mawa, koma ndimaionera ndikufunsa: wagwira kamera ndani, walipira ndani, wojambulidwayo akanafunsidwa akanati chiyani? Mafunso omwewa ndi ofunika mukakumana ndi mafilimu a Central African Film Unit, amene kuyambira 1948 ankajambulidwa ku Nyasaland ndi ku Rhodesia n'kumazungulira m'midzi kukaphunzitsa makolo athu kulima ndi kusunga ndalama monga momwe boma la atsamunda linkafunira. Wiseman ali ndi njira ina: salankhula, safunsa mafunso, saika nyimbo, amangokusiyani m'chipatala kapena m'sukulu kuti mudzionere. Komabe pa maola ochuluka amene anajambula, iye ndiye anasankha choti muone.

Chomaliza: magetsi akayaka

Musanyamuke mayina akamayenda pachinsalu. Kumeneko ndi kumene mumaona amene anakonzanso filimuyo. Pa Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty, ya 1973, mupeza dzina la bungwe limene Martin Scorsese anayambitsa pofuna kupulumutsa mafilimu a m'mayiko osiyanasiyana, pamodzi ndi Cineteca di Bologna ya ku Italy, kumene ntchitoyo inachitikira.

Wokonza filimu akakhalapo, pamakhala nthawi ya mafunso. Funsani funso limodzi, lalifupi, lokhudza chimene mwaona ndi maso anu: bwanji munasiya kamera pa chitseko chija mayi uja atatuluka kale? Pamakhala nthawi zonse bambo mmodzi amene amatenga maikolofoni n'kuyamba kufotokoza mbiri ya moyo wake, ndipo chipinda chonse chimayang'ana pansi. Musakhale inuyo.

Mukatuluka, lembani m'kabuku kapena pafoni zinthu zitatu: dzina la filimu, dzina la wokonza, ndi chithunzi chimodzi chimene chakukanirirani m'mutu. Kenako tsegulaninso ndandanda muone ngati gulu lomwelo lili ndi filimu ina ya munthu yemweyo sabata imeneyo. Ngati munayamba ndi Sembène, funani Mandabi, ya 1968, nkhani ya bambo wa ku Dakar amene walandira ndalama za pa positi kuchokera kwa mwana wa mlongo wake ku Paris, koma kuti azitape akufunika chitupa, kuti apeze chitupa akufunika kalata ya kubadwa ndi chithunzi, ndipo kwinaku anansi amva kale kuti m'nyumbamo mwagwa ndalama.