Kachitini ka Amalume

Amalume anga a ku Chifunda anayamba kuvutika pokodza atapitirira zaka 60. Usiku ankadzuka kanayi kapena kasanu, mkodzo n'kumangodontha. Mwana wawo wa ku Lusaka anawatumizira mapiritsi a finasteride, ndipo patapita miyezi ingapo tulo tinabwerera. Ankawasunga m'kachitini ka mafuta odzola, n'kumamwa limodzi m'mawa uliwonse asanapite kudimba.

Patatha chaka, mvula itatha ndipo msewu wa ku Chama utauma, anapita kuchipatala china kukayezetsa magazi a PSA, amene amathandiza kuona ngati prostate ili ndi vuto. Atafunsidwa ngati akumwa mankhwala alionse, anati, "Iyayi, ndilibe." Sananame dala. Kwa iwo, mankhwala amamwa munthu wogona pamphasa, pamene iwo anali kulima bwinobwino.

Zotsatira zinati 3. Madokotala ambiri amayamba kukayikira nambalayi ikadutsa 4, choncho amalume anabwerera kumudzi mtima uli m'malo.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti finasteride, komanso mnzake dutasteride, amatsitsa PSA pafupifupi ndi theka munthu akamwa kwa miyezi 6 mpaka chaka. Dokotala akadziwa, nambala ija amaichulukitsa kawiri. Ya amalume inayenera kuwerengedwa ngati 6, ndipo akanawapima mozama. Mapiritsiwo sanali oipa, anagwira ntchito yake. Anangophimba chizindikiro.

Mankhwala ena amanamiza mwa njira ina. Omeprazole, amene ambiri timagula tikamva kutentha pamtima, amakweza chromogranin A m'magazi, munthu n'kuopsezedwa ndi chotupa chimene alibe. Biotin wa m'mapiritsi okongoletsa tsitsi ndi zikhadabo amasokoneza makina ena oyezera magazi, moti bungwe la FDA ku America linachenjeza za zimenezi mu 2017.

Patadutsa zaka ziwiri chiyezetsereni magazi aja, msana wa amalume unayamba kuwawa osaleka. Tinayenda nawo ulendo wautali uja, kudzera ku Lundazi ndi Chipata, mpaka ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Kumeneko dokotala anati, "Bambo, ndionetseni chilichonse chimene mumameza, ngakhale cha zitsamba." Azakhali anamasula mfundo ya chitenje n'kuika kachitini kaja patebulo. Dokotala anawerenga dzina pakapepala ka mapiritsi, n'kufunsa kuti anayamba liti kumwa. Amalume anawerenga pa zala: zaka zitatu.