Ulendo wa ku Phiri la Zomba ndi ku Nyanja ya Chilwa: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka talembera alimi a kwa Kapelula amene akufuna kukaona dziko lawo akagulitsa fodya.

Bwanji Zomba, pomwe mizinda ilipo yambiri?

Ife tinazolowera dziko lathyathyathya, minda ndi zigafa mpaka pomwe maso alekezera. Zomba ndi mzinda wotsamira phiri, ndipo nsonga yake yotchedwa Malumbe imapitirira mamita 2,000. Unali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Kulinso Yunivesite ya Malawi, Cobbe Barracks ndi chipilala chokumbukira asilikali a KAR, gulu la nkhondo limene agogo athu ena analowamo.

Tingapite liti osasokoneza ntchito yakumunda?

Juni mpaka Ogasiti ndiye nthawi yabwino. Mabelo amakhala atapita ku okushoni ya Chinkhoma, nazale isanakutangwanitseni. Koma miyezi imeneyi kuphiri kumazizira koopsa, ndipo chiperoni chikabwera nkhungu imaphimba chilichonse. Musasiye juzi, chipewa ndi nsapato zosaterera.

Tidzera kuti?

Fikani pa boma la Kasungu, mukwere basi ya mumsewu wa M1 kudzera pa Madisi ndi Mponela mpaka ku Lilongwe. Pamenepo mukwere ya ku Zomba, yodutsa Dedza, Ntcheu ndi Balaka. Mukawoloka Shire pa Liwonde n'kupitirira Machinga ndi Domasi, ndiye kuti mwafika. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu, choncho lawirirani. Mtengo gwirizanani ndi kondakitala musanakwere, ndipo ndalama za fodya musayende nazo m'thumba. Zisungeni m'foni kapena kubanki.

Pamwamba pa phiri tikaonako chiyani?

Msewu wokhotakhota umakwera mpaka ku hotela ya Ku Chawe, ndipo m'mbali mwake anthu amagulitsa sitiroberi ndi zipatso zina zokonda kozizira. Chokoka mtima kwambiri ndi damu la Mulunguzi, madzi ali phee pakati pa mitengo ya paini. Madzi amenewa ndi omwe anthu a mumzinda wa Zomba amamwa. Kumtunda kwa damuli kuli mathithi a Williams, kenako malo awiri oonerapo kutali: Queen's View ndi Emperor's View, dzina lokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafikako mu 1965. Kukacha bwino mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Ku dzenje la Chingwe pitani ndi wokulondolerani wodziwa njira.

Nanga nyanja ya Chilwa?

Ili kum'mawa kwa mzindawu. Galimoto zimakafika padoko la Kachulu, pomwe mabwato amawolotsa anthu kupita pachilumba cha Chisi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amcherechere. Ndi yosazama, koma imadyetsa mabanja ambiri ndi matemba, makumba ndi milamba, ndipo asodzi ena amagona m'zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi. Inalembedwa m'pangano la mayiko loteteza madambo la Ramsar chifukwa cha mbalame zake zochuluka. Musasambemo poopa likodzo, madzi akumwa mutenge anu, ndipo usiku mugone m'neti.

Kodi n'zoona kuti nyanjayi imauma?

Eya. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anatsala pamatope. Mvula ikachepa zaka zotsatizana, mitsinje ya Domasi, Likangala ndi Phalombe imabweretsa madzi ochepa. Kudula mitengo m'mapiri kumawonjezera vutoli, chifukwa dothi lokokoloka limakwirira nyanja.

Mlimi wa fodya apindulanji ndi ulendo wotere?

Pa Emperor's View munthu amaona ndi maso ake kuti madzi a m'chigwa amabadwira m'nkhalango yakuphiri. Ifenso timadula mitengo chaka ndi chaka, ya zigafa ndi nkhuni zowotchera fodya, ndipo madambo ndi zitsime zathu zikuphwa msanga. Tengani amayi akunyumba ndi ana akaone okha. Pobwerera, pamene mukukonza nazale ya fodya, patulani malo ofesapo mbewu za mitengo, kuti mvula yoyamba ikadzagwa mudzabzale zonse ziwiri.